Mawu Ofunda

Zaka makumi atatu ndi zinayi
ndinawotcherera nthiti za sitima padoko la Gdańsk,
ndipo chitsulo chinanditsanzika ndi mphatso:
kanyenje m'khutu lamanzere,
kosapuma ngakhale Lamulungu.

Tsono nditatsika masitepe a sitolo ya mayi Bogumiła,
chipale chikusungunuka pansapato,
ndinati, "Mayi, phokoso ayi.
Phokoso ndili nalo kale, ndinalipeza ulere.
Ndikufuna masipika a mawu ofunda."
Anandisuzumira pamwamba pa magalasi.
"Muli ndi zingati, bambo Zdzisław?"
"Mazloti mazana anayi."
"Nanga zomwe mwabisa m'sokosi?"
"Makumi asanu. Koma izo n'za mankhwala a bondo."

Oyamba anali akuda bii, onyezimira ngati nsapato za mkwati.
Ndinaika chimbale changa chakale,
mkazi mmodzi, besi, ndi ng'oma yongosisitidwa.
Atangokweza mawu, singano m'khutu, lasu!
Mbale zamkuwa zinathetheka ngati ndodo yowotcherera,
kanyenje kaja n'kudzuka kuyankha abale ake.
"Achinyamata amawakonda," anatero mayiwo,
"amati akumva chilichonse."
Chilichonsecho ine ndinachimva kale.

Achiwiri, aa.
Achiwiri musandifunse.
Woimbayo analowa, nakhala pafupi nane,
ndinamva akumeza malovu,
ndinamva chala chikutsetsereka pansambo.
Ndinatembenuza kapepala ka mtengo
n'kukabweza msanga
ngati munthu wotsegula bafa muli mwini wake.
Penshoni ya miyezi itatu.
Mayi Bogumiła anangozimitsa osayankhula.
Ndi munthu waulemu.

Kenako anagwada, mawondo akulira ngati anga,
nakoka pansi pa shelefu mabokosi awiri a thabwa,
akulu msinkhu kuposa mwana wanga.
Pamwamba pa limodzi panali chipsera chozungulira
pomwe wina ankakhazika mphika wa maluwa.
Linalo kachala ka mwana kanalibonyola pamchombo.
"Mphira wa m'mbaliwu ndasintha ndekha.
Kam'mwambaka n'kansalu, si kachitsulo.
Sikaluma."

Sikanalumedi.
Mawu anabwera ngati buledi wongophula kumene
amene wamubisa m'jekete panjira yachisanu.
Besi sinandimenye pachifuwa,
inangotsamira, ngati galu wokalamba pamwendo.
Chala chija pansambo sindinachimvenso,
sindinama, ndinadziwa chimene ndataya.
Koma nyimbo inatha, ina n'kuyamba, inanso,
mapewa anga atatsika okha,
ndipo kanyenje, kusiya sikanasiye,
kanangochita manyazi.

"Mazana anayi ndi makumi atatu."
"Nanga nthambo?"
"Ya nyale ikwana. Musamvere anyamata a m'magazini.
Musawagunditse kukhoma, besi ingafufume,
siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri.
Ndipo yalani kalipeti."
Ndinavula nsapato pamaso pake.
Bondo lidikire mwezi wamawa.

M'basi, lina pamiyendo, lina pakati pa mapazi,
mtsikana wina anandipatsa malo ngati ndanyamula mapasa.
Kwathu ndi nsanja yachinayi, chikepe chinafa kalekale.
Ndinakwera kawiri,
n'kupuma kasanu ndi kamodzi.

Usiku umenewo, pa nyimbo yachitatu, go go go!
Ndi Czesław wa khomo loyandikana,
amene zaka zonsezi amandilankhula ndi mpini wa tsache kukhoma.
Ndinathamangira kotsitsa mawu.
Koma kugogodako kunali pachitseko.
Ali chiriri, atavala masilipasi osiyana,
anayang'ana kupyola phewa langa.
"Ndimayesa mwalandira mlendo," anatero.
"Mkazi wanga ankaimba motero akamasita."

Pali malo amodzi okha m'chipinda
pomwe mawu a kumanzere ndi a kumanja amakumana
woimba n'kuima pakati, wathunthu.
Ndinali nditawapeza kale, n'kuikapo mpando.
Ndinamukhazika pamenepo Czesław.
Ine ndinakhala pambali, pafupi ndi zenera,
poti khutu langa labwino ndi limodzi lomwe.