Utoto wa pa Chala

Ku Tromsø dzuwa linali litatsanzika kale
sabata imene tinabwera nawo kunyumba.
Usana unali kansalu kabuluu kosuluka,
koyanikidwa maola awiri n'kuanulidwanso.
Ana analibe mayina.
Pa timikono tawo anamwino anamangapo timapepala,
Mtsikana A, Mtsikana B,
ngati mayankho a mayeso.

Sverre, manja akununkhabe dizilo wa m'sitima,
ankalemba mayina kuseri kwa malisiti:
Runa ndi Rina, Tora ndi Nora,
oti ukaitana mmodzi, winayo atembenukenso.
Ndinakana.
Nkhope agawana kale, ndinatero,
dzira lenilenilo anachita kugawana.
Asiyireko kanthu kawokawo.
Tinkakangana monong'ona poopa kuwadzutsa,
ndipo mkangano wonong'ona sukhalira kutha.

Dzina lomwe ndinkalifuna sindinkalitchula.
Linali m'kabati, losokedwa pakhosi pa juzi yaubweya
ya mkulu wanga Margrete,
amene anagona m'chipatala chomwechi zaka zinayi zapitazo
osatulukamo ndi miyendo yake.
Dzina limodzi, ana awiri.
Umupatsa uti, osalakwira mnzake?

Oddbjørg wa nyumba yapansi,
amene anaphunzitsa galamala mpaka tsitsi kuyera,
anakwera ndi poto wa supu ya nsomba
nandipeza nditafungatira juziyo.
Anawerenga pakhosipo, navula magalasi.
Dzinali, anati, linagawika kalekale lokha.
Linachokera kwa Agiriki, kumene limatanthauza ngale,
layenda m'kamwa mwa anthu zaka mazanamazana
mpaka kuperepeseka ngati khobidi lakale.
Ena anatola mutu, ena anatola mchira.
Marit. Grete.
Supu izizira, idyani.

Usiku womwewo Sverre anatenga utoto wanga wa m'zikhadabo
napaka kadontho kofiira pa chala chachikulu cha Marit,
lilime lili panja, ngati akulemba dzina pa boti.
Tinadula timapepala tija.

Patatha milungu itatu,
folo koloko m'bandakucha, kapena madzulo,
mumdima uja ndani ankadziwa,
onse awiri anadziyipitsira mpaka m'khosi.
Tinawasambitsa tikusinza.
Powapukuta ndinawerenga zala makumi awiri,
zonse zoyera ngati mpunga.
Kadontho kofiira kanali kuyandama m'beseni.

Tinawagoneka patebulo, tinawazungulira.
Tinayang'ana m'makutu, pamichombo, paliwombo.
Sverre anabweretsa sikelo yoyezera nsomba,
koma magalamu makumi anayi omwe ankawasiyanitsa pobadwa
anali atamwedwa kale mu mkaka.
Ndinakhala pansi n'kulira:
mayi wanji wosadziwa mwana wake?

Iye anaseka mpaka kugwira khoma,
kenaka anagwada nandipukuta ndi thewera loyera.
Torunn, anati, ngati tasokoneza,
tasokoneza mkati mwa dzina limodzi.
Palibe amene watuluka panja.
Anasankha amene ankalira kwambiri
namupaka utoto.

Lero ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.
Marit amadana ndi anyezi, amatolera mabatani m'chitini.
Grete anathyoka dzino pa chipale chowuma
ndipo amaliza mluzu pa mpatawo.
Tsopano ngakhale wonyamula makalata amawasiyanitsa.
Nkhani ya beseni sitinawauze.
Mwina Marit ndi Grete. Mwina ayi.
Aliyense wavala lake mpaka lamukwana m'mapewa.

Koma madzulo ena, akachedwa ku phiri la masileji,
chakudya chikuzizira, ine nditatopa,
lilime limaterereka.
Ndimaima pakhomo n'kufuula dzina lonse lathunthu,
lija la pakhosi pa juzi,
ndipo kumtunda uko, m'chipale,
timatochi tiwiri ta pamphumi
timatembenukira kuno nthawi imodzi.

Sverre, ali kusinki, sanena kanthu.
Ndimangomva mbale zikugundana
mwa munthu amene akubisa kuseka.