Kawaya ka M'kamwa

M'mawa uno ku Chikanda
ndalavula m'beseni,
thovu lafiira
ngati sitiroberi za ku Chawe
zitaphwanyikira m'jumbo.

Adokotala a mano anati
ndizigona nako kawayaka usiku uliwonse.
Mano ndi mbuzi, anatero akusamba m'manja,
ukamasula chingwe
abwerera kumunda wakale.

Koma za nkhama sananene.
Zatupa, zikugunda pazokha,
tiyi wa dzulo ndamwa atazizira,
chimanga chootcha cha pa depoti
ndangochinunkhiza n'kudutsa.

Asiyatu akuti ndivundule madzi amchere,
akuseka poti dzina lake
likutuluka m'kamwa mwanga ngati mluzu.

Mpata umene ndinatsekawu
unali wa bambo anga.
Ankalavulira pamenepo akupalasa njinga
kutsika ku Matawale,
osaphonya ngalande.
Ine ndinaulipirira ndalama kuti uchoke.

Usiku chifunga chikatsika m'phiri
ndimamva mano awiri akutsogolo
akukankha waya pang'onopang'ono,
akufuna kupatukana,
kusiya khomo lotsegula
loti mwina munthu n'kudzeramo.

Mawa ndipita akakaphwetseko pang'ono.
Lero ndatsuka magazi,
ndakabwezera m'kamwa.