Mphindi Ziwiri Zowonjezera

Lamulo analilemba pansi pa chithunzi, m'tizilembo tating'ono:
malonda atsekedwa naini koloko usiku,
koma wina akakweza mtengo m'mphindi ziwiri zomaliza
wotchi ibwerera m'mbuyo, ipatsanso mphindi ziwiri.
Ndinaliwerenga mu minibasi, pa mlatho wa Lilongwe,
thumba la mwini wake litandikhala pamwendo,
ndinaseka ndekha.
Ndani angalimbirane kachitsulo kadzimbiri?

Kachitsuloko n'kobowolera matikiti a basi.
Pa chogwirira pake pali zilembo ziwiri, E ndi K,
zozokota ndi msomali, K wake wopendekeka.
Msomaliwo ndinautola ndine, kuseri kwa nyumba ku Kawale.
Bambo anga, a Elifala Kalikokha, kondakitala wa msewu wa Mchinji,
anakatenga m'malo mwa malipiro kampani itagwa,
anakagulitsa kwa Tsoka chaka chimene chimanga chinasowa.
Lero kali pa intaneti,
pakati pa makobidi obowoka ndi masitampa a atsamunda,
akukatcha chachikale chosowa.

Ndinayika fifitini sauzande Lolemba.
Sabata yonse kunali zii.

Loweruka, itatsala mphindi imodzi,
kunatulukira munthu wopanda nkhope, Wogula 31.
Twente.
Wotchi inabwerera.

Magetsi anali atathima kale kuno ku 25.
Ndinayima pa khonde pamene netiweki imagwira,
pafupi ndi chingwe choyanikira zovala,
udzudzu ukundidya m'akakolo.
Twente faifi.
Iye sate.
Kagudumu ka pa foni kakuzungulira, kakuzungulira,
mtima uli phaphapha ngati chitseko cha basi yakale.
Sate faifi.
Fote.

Iwe, uli kuti?
Ku 43, kuseri kwa mpanda, jenereta ikulira?
Kapena kunja, kumene fote sauzande ndi mtengo wa khofi?
Ukudziwa kulira kwake kachitsuloka?
Kamati tchwe, kamodzi,
kadontho ka pepala n'kugwera pa nsapato.
Ine ndinkatola timadonthoto m'thumba la yunifolomu yawo
n'kumatisunga m'bokosi la machesi.

Naini koloko inadutsa kalekale,
koma malonda sakutha, akungobadwanso,
mphindi ziwiri, mphindi ziwiri.
Batire yafiira.
Sikisite. Imeneyo ndi ya lendi.
Mwandida anatuluka ndi kandulo m'sosala,
sanafunse kanthu,
anangoyang'ana nambala, n'kuyang'ana ine,
phula likudontha pa chala chake.

Sikisite faifi, anatero Wogula 31.

Pamenepo ndinakumbuka pa Namitete,
basi itadzaza, dalaivala akuponda mafuta,
bambo atayika phazi limodzi pansi, lina pa sitepe,
akuyang'ana mayi wina akuthamanga chapatali ndi dengu pamutu.
Dikirani pang'ono, adalaivala, mphindi ziwiri.
Okhala kale pa mipando ankadandaula,
ena kutukwana, tachedwa ife.
Iwo osatekeseka:
wobwera mochedwa nayenso ndi wapaulendo.
Akangokwera ameneyo, kutulukira winanso ku chigayo.
Mphindi ziwiri zina.

Lamuloli ndi lanu, bambo.
Ndinalikonda ndili mwana, nditakhala pa injini yofunda.
Sindinadziwe kuti limawawa chonchi
kwa amene anafika m'mawa n'kukhala pa windo.

Chala changa chinali pamwamba pa batani.
Masekondi makumi anayi. Makumi atatu.
Galu wa aneba anauwa, n'kuleka.
Khumi.
Ndinachibweza m'thumba chalacho.

Zikomo potenga nawo mbali, inatero foni,
kenako inazima yokha.

Mwandida anatsogola ndi kandulo.
Ndinatsala pang'ono pa khonde
ndikufinya chala chachikulu ndi cholozera mu mdima,
kubowola mphepo ya Julaye,
tchwe,
tchwe,
Msundwe, Namitete, Kamwendo,
otsika atsike.