Diso Limodzi la a Dzimbiri

Malipiro anga oyamba ndidawagawa patatu:
lendi, magetsi, ndi matikiti a kanema.
Amalume ndidakawapeza ku Biwi
akuwotcherera geti la bwana wa ku Area 43.
Ndidati, sambani m'manja,
lero mukaona zithunzi zotuluka m'khoma
n'kudzakugundani pamphuno.

Pakhomo mtsikana adatigawira magalasi
akuda ngati a pamaliro a anthu olemera.
Aliyense ake, mubweze potuluka.
Amalume adawatembenuza, kuwagogoda ndi chikhadabo:
"Pulasitiki. Mbaliwali imodzi, atha awa."

Magetsi adazima, ulendo uno mwadala.

Kenaka khoma lidabooka.
Nkhalango idalowa m'kati, mtengo kuseri kwa mtengo,
kutali kudakhaladi kutali,
ndipo mng'oma wa njuchi utagwa
holo yonse idawerama pamodzi.
Tsanzo, mwana wa achemwali, adakupiza manja,
mbuliuli zonse pansi.
Mayi wina kumbuyo adaitana Yesu.
Ine ndidatambasula dzanja kuti ndiwakhe tsamba,
ndidagwira dazi la bambo wa kutsogolo.

Amalume ali phee.
Akutafuna.

Apo m'pamene ndidakumbukira diso lamanzere,
lija lidapsa ine ndisanabadwe,
loyera ngati madzi otsukira mpunga.
Tidalizolowera mpaka tidaleka kuliona.
Matsenga awa amafuna maso awiri,
ili lilandire chake, ilo chake,
ubongo usoke pakati.
Ndidawagulira tikiti ya dziko limene salowa.

"Mukuona chiyani?" ndidanong'ona.
"Kanema. Wamdima pang'ono basi.
Nanga anthuwa akuvina chiyani?"

Pofika pakati mutu unkandiphwanya,
magalasi awo atakwera pa magalasi anga,
mphuno imodzi itasenza katundu wa awiri.
Tsanzo adati m'mimba mukuzungulira
ngati tsiku lija adavala chigoba cha gemu kwa mnzake,
n'kuthawa chilombo mpaka kuwomba firiji.
Koma palibe adadzuka.
Ndani angatuluke
mvula ikugwa pamaso pake osamunyowetsa,
phompho likuyasama pansi pa mpando
iye ali bwinobwino ndi chakumwa m'manja?
Ndisaname, zidandikoma.
Manyazi ndi kukoma zidakhala mpando umodzi.

Tidatsikira kumlatho dzuwa litapendeka.
Maminibasi, akabaza, fumbi,
ogulitsa machaja akuthamangira mawindo.
Ine wa maso awiri, anayi ndi magalasi,
ndidaponda mphepo m'mphepete mwa ngalande,
bondo pansi.
Amalume adandidzutsa osaseka.
Adaima pamsewu, mutu uku, mutu uko,
pang'onopang'ono ngati nkhunda,
kuyeza lole imene inkabwera.
"Tiyeni tsopano."
Tidawoloka, lole idadutsa kumbuyo kwathu
monga adaipangira nthawi.

"Kuya ndimakupeza ndi khosi," adatero.
"Zaka makumi atatu, palibe geti langa lopendama."

Ndidayamba kupepesa, adandidula.
Adati mpando unali wofewa, mphepo yozizira,
maola awiri popanda wofunsa kuti mutichotsereko mtengo.
Adati miyendo ya mpandowo adaipapasa mumdima,
wowotcherera wake anali pachangu.
Adati njuchi sadazione zikubwera
koma adaona Tsanzo akuzithawa,
ndipo zimenezo zinali ndi kutsogolo ndi kumbuyo komwe.
"Mwezi wamawa mupite awiri.
Yangayo mundigulire ndodo zowotcherera."

M'minibasi ya ku Kawale ndidatseka diso limodzi.
Mzinda udaphwa, udasanduka kalendala ya pakhoma:
msikiti, zikwangwani, mayi wa nthochi,
zonse zomatidwa papepala limodzi.
Ndidasuntha mutu pang'ono.
Mayi wa nthochi adabwera kutsogolo,
msikiti udabwerera m'mbuyo.

Kondakitala adandifunsa ngati ndikudwala khosi.