Khutu pa Hadi Disiki

Lufeyo wathimitsa wailesi,
wapempha wa kabichi pakhomo atsitseko mawu,
kenako wagunditsa khutu pa kabokosi kachitsulo
ngati namwino pamimba ya woyembekezera.

Ndaima kumbuyo kwake, zala zili gwa, chisanu cha pa Lizulu.
M'menemo muli kalabu yathu yonse ya kachewere:
amene anatenga feteleza pangongole,
amene anabweza theka,
ndi malemu Anangozo,
amene palibe analimba mtima kuwafufuta.

Akuti mkatimo muli mbale zosalala ngati kalilole
zozungulira maulendo zikwi zisanu pamphindi,
ndi kamkono koyandama pamwamba, osakhudza,
mpata wake tsitsi silingalowe.
Inki mulibe. Kamalemba ndi maginito.
Mukagunda tebulo kali pantchito, kamakanda.

Ndakumbukira mbuzi ija inalowa mu ofesi.
Sindinanene.

Tche. Tche. Tcherrr.

Pa sikirini timabokosi tikudzaza mzere ndi mzere,
tobiriwira, tobiriwira,
ngati dimba la ku Tsangano,
kenako kofiira kamodzi.
Tina titatu pambali pake.
Liwiro latsika kuchoka pa naini-te kufika pa folo,
lole ya matumba ikubuula pachitunda.

“Mayi, tikopere lero. Mawa sindikulonjeza.”

Kamzere kayamba kukwawa.
Tonse maso ali pa babu lakudenga,
lisaphethire.
Kunja minibasi zikuitanira a ku Balaka.
Maina akuwoloka limodzi limodzi,
ndipo ine ndikuwerenga chamumtima,
kudikira la Anangozo.