Madontho Makumi Anayi ndi Atatu

Mmawa wa Juni, nkhungu yameza phiri la Dedza,
zala zachita dzanzi m'magolovesi.
Ndagwada pa dziwe lomaliza
pomwe madzi a m'zimbudzi za tauni amatulukira atasamba,
ali mbee, nkhope ya mwana wosalakwa.
Ndatunga botolo limodzi, ndalemba nthawi pachivundikiro.

Maso akadakhala mboni yokwanira
ntchito yanga ikadathera pomwepo.

Mu labu ndayatsa kanyali ka spiriti,
ndawaula kambaniro pamoto,
ndayala kasefa kopyapyala ngati khoko la anyezi.
Mililita imodzi yokha, yosungunula m'madzi owiritsa.
Pampu ikutsokomola.
Madzi adutsa, alendo ake atsala.
Ndawagoneka pachakudya m'kambale,
ndawatsekera m'bokosi lofungatira,
madigiri makumi anayi ndi anayi ndi theka,
kufunda kumene kuchipinda kwanga sikunafikeko chaka chino.
Ena onse amagonja nako.
Opirira ndi a m'matumbo mwathu,
abale athu enieni.

Cha m'ma naini usiku, mdima bii.
Lifeyo mlonda pafoni:
"Achimwene, ana anu aja azizidwatu."
Tinakoka chingwe cha jenereta
mpaka phewa linayamba kunditukwana,
mafuta ake ochita kubwereka.

Kwacha. Ndavundukula.
Timadontho tabuluu,
ngati wina wakutumula cholembera chodontha.
Lililonse dzulo linali kamodzi kosaoneka,
lero ndi mudzi, ana ndi zidzukulu.
Ndikuwerenga mzere ndi mzere,
milomo ikuyenda ngati mwana wa Sitandade 2.
Makumi anayi ndi atatu.
Ndabwereza kuyambira kumunsi.
Sanachepe.
Kuchulukitsa ndi zana, zikwi zinayi ndi mazana atatu,
pamene buku lapashelefu limalola chikwi chimodzi.

A Kachigunda aima kumbuyo kwanga, kapu ya tiyi m'manja.
"Magetsi anathima paja. Mwina mwawerenga fumbi.
Lembani kaye ndi pensulo."

Kambale koyesera madzi owiritsa okha kali apo, koyera,
kopanda ndi dontho lomwe.
Ndawalozera osayankhula.

Kumunsi kwa ngalande kuli dimba la Nangondo.
Amathirira ndi ndowa ya penti, mwana kumbuyo,
wamkuluyo akuwedza ambululu ndi manja.
Lachisanu ndinagula mpiru wake mipukutu iwiri,
anandiikira wachitatu wa basela.

Ndatenga bolopeni.
Ndasindikiza nambala mpaka yaonekera kutsamba lachiwiri.
Kenako ndafunsa Lifeyo
ngati njinga yake ili ndi mpweya.