Ambulera Yachikasu ku Budapest

Aphunzitsi athu a Sevgül adzuka thupi likutentha,
mawu atawathawa pakhosi.
Anandipatsa chikwama cha mapasipoti
ngati munthu akupereka khanda la eni ake,
nanong'ona: "Ilgın, lero maso anga ndiwe."
Ine, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu,
amene dzulo lomweli ndinasochera m'hotela
pofunafuna chipinda changa chomwe.

Khumi ndi asanu ndi anayi.
Ndinawawerenga pakhomo, mpweya ukufuka m'kamwa ngati utsi.
Ndinawawerenganso pa masitepe oyenda okha
otsikira kunsi kwa nthaka, aatali mochititsa chizungulire,
Derin atatsinzina, atakakamira mkono wa jekete langa.

Kwathu ku Izmir ndimadziwa fungo la kanjira kalikonse.
Kuno zilembo za pazikwangwani ndi zomwe zija
koma zagwirana manja mwachilendo, zandifulatira.
Ndinakweza ambulera yachikasu
ngakhale kumwamba kunalibe dontho,
kuti aziona pamene ndili,
kuti asaone kuti inenso ndikungopapasa.

Tramu inatiyendetsa m'mbali mwa mtsinje wa Duna.
Yağız analoza chinyumba cha nsonga zambirimbiri,
"Anachimanga liti?"
Ndinatchula chaka molimba mtima,
kenaka n'kusuzumira m'foni mobisa.
Ndinali nditaphonya ndi zaka makumi anayi.
Palibe anazindikira. Manyazi ndinameza ndekha.

Mumsika waukulu tsabola wouma ali lendelende
ngati mikanda yofiira.
"Mphindi makumi atatu basi," ndinatero,
"tikumane pakhomo lomwe talowerali."

Khumi ndi asanu ndi atatu.
Ndinayambiranso, chala chikunjenjemera.
Khumi ndi asanu ndi atatu.
Tunç palibe.
Foni yake ikulira m'chikwama cha mnzake,
batire la yanga latsala pang'ono kufa,
ndipo m'mutu mwanga mayi ake aima kale pa bwalo la ndege
akuyang'ana kuseri kwa phewa langa.

Ambulera ndinamusiyira Nehir: "Asasunthe munthu!"
Ndinadutsa pa soseji, pa nsalu zopeta, pa uchi,
ndikuitana dzina limene khamulo silinamvepo.
Ndinatsikira kunsi, kumene kumanunkha viniga ndi nsomba.
Si uyo!
Watsamira tebulo la bambo wa epuloni yoyera,
dzina pachifuwa lolembedwa Benedek,
awiriwo akuseka ngati anaphunzira sukulu imodzi.
Bamboyo wanyamula apulo, akuti "alma".
Tunç akuti "elma".
Alma. Elma. Phwete onse awiri.
Zilankhulo ziwiri zapezana pachibale
pa chipatso chimodzi chofiira.

Ndinali nditanola mawu okalipa njira yonse,
koma anagwera pansi osalasa kanthu.
Benedek anandiyang'ana thukuta la pamphumi m'chisanu chotere,
anasankha apulo wina, nampukuta pa epuloni,
n'kundiikira m'dzanja. Ndalama anakana ndi mutu.

Madzulo, mapazi ali bii ndi matuza,
ndinayala mapasipoti pabedi ngati makadi a juga
n'kufananitsa nkhope iliyonse ndi phokoso la m'khonde.
Ndinagogoda kwa aphunzitsi.
"Zayenda bwanji?" anafunsa chitseko chili chotseka.
"Bwinobwino," ndinayankha. "Onse alipo."
Zinazo adzamva tikakwera ndege.

Anzanga akutumizirana zithunzi za milatho ndi nyale,
mzinda umene akuti tinauona lero.
Ine ndinaona zipewa, zikwama, nkhongo za anthu,
khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Mimba ikundikumbutsa kuti chidzukireni sinaone kanthu.
Ndapisa m'thumba la jekete,
ndapeza apulo uja, wozizira, wotupudzika mbali imodzi.
Ndikumudya nditaima pawindo,
ndipo mtsinje, kwa nthawi yoyamba,
ndikuuyang'ana osawerenga munthu.